Wailesi ya Sukulu Zinayi

Wailesi inachoka pa Katsinde tsiku lometa. Lexon anaiona ndi maso ake ikukwezedwa pa ngolo, ili m'bulangete lake lotuwa lija, pakati pa mipando iwiri ya ndalema ndi sutikesi ya malemu bambo ake. Anaiona, koma pakamwa anatseka. Katundu wa mwamuna amagawa ndi akwawo, alongo ake ndi ana a alongo akewo. Mwana wobereka akangoti atsegule pakamwa pa tsiku lotere, dzina loti wadyera amafa nalo.

Chonsecho wailesiyo sinali ya bambo ake. Inali ya sukulu zinayi zoyandikana m'mbali mwa dambo limodzi, kummwera kwa Lilongwe: Katsinde, kumene bambo akewo, a Chikaonda, anakhala ahedi zaka khumi ndi zinayi, Kalozera, Mphangwe ndi Chitukuta. Panalibe sukulu imene ikanaigula payokha. Ana a sukulu zonsezi anakunkha mtedza m'minda ya makolo awo zaka ziwiri, aphunzitsi n'kumaguza matumba pa njinga kupita nawo kumsika, mpaka zinakwana. Itabwera anapangana kuti iziyendera: sabata ino kuno, sabata yamawa uko. M'mawa ankaizungulira ana a Sitandade 7 ndi 8. Masana kunkabwera anyamata ndi atsikana osinkhuka a sukulu ya makalata, aja anakhoza mayeso koma osasankhidwa kupita ku sekondale, amene mphunzitsi wawo anali envulopu ya ku positi ndi mawu a m'bokosimo basi. Ngakhale mabatire ankagula pamodzi, katoni imodzi pa teremu, n'kugawana.

Imfa sifunsa kuti sabata ino ndi ya yani. Inawapeza a Chikaonda pa sabata ya Katsinde, wailesi ili patebulo m'nyumba mwawo, pafupi ndi Baibulo ndi magalasi awo. Aliyense wolowa m'nyumbamo ankangoona katundu wa malemu.

Panapita milungu itatu. Lexon anali kwawo kwa mayi ake, mudzi woyandikana ndi Katsinde, kumene anasamukira atatuluka m'nyumba ya sukulu. Ku koleji ku Blantyre, kumene ankaphunzira za zomangamanga chaka chachiwiri, anachokako ndi telegalamu ya maliro m'thumba, ndipo sanabwererenso. Anthu akamufunsa ankati akudikira kuti zinthu zikhale m'malo. Zoona zake, ankaphunzira kuti akabwera pa holide bambo ake azigwira pepala la zotsatira ndi manja awiri n'kumaliwerenga mokweza pakhonde. Tsopano aliwerenge ndani? Ankangoswera kuseri kwa nyumba, pa mtondo wakale wogwadika, akusenda nzimbe zimene sankazimaliza.

A Naphiri, ahedi a ku Kalozera, anamupeza pomwepo. Anali mayi wamfupi woyenda pa njinga yachimuna, woopedwa ndi ana ndi makolo omwe.

"Iwe Lexon, ndevu izi ukusungira yani?"

"Mwaswera bwanji, aphunzitsi?"

"Ndaswera moipa. Ana athu a makalata mayeso awo atsala milungu isanu ndi umodzi. Milungu itatu akhala akubwera masana kudzangoyang'anana. Lolemba likubwerali sabata ndi ya Kalozera. Ndikufuna wailesi."

"Inapita ndi akwawo kwa bambo. Munalipo."

"Ndinalipo, ndipo ndinatseka pakamwa ngati iwe. Koma ndafufuza. Anapatsa Bonface, mwana wa azakhali ako, uja amagwira ntchito ya m'gadeni ku Area 10."

"Ndiye mukamuuze inuyo. Si muli ahedi?"

"Ahedi akakaima pakhomo la anamfedwa n'kunena kuti munanyamula zosakhala zanu, mlandu wake ungathe chaka, mayeso atadutsa kalekale. Koma iwe ndiwe msuweni wake. Msuweni amakulanda nkhuku ili m'manja, anthu n'kumangoseka. Chimene ife sitingathe kunena, iwe ukhoza kunena moseka."

Lexon sankafuna kuseka ndi munthu aliyense wa ku banja limenelo. Ankawaonabe azakhali ake akugwedeza mpando uliwonse kuti aone ngati uli wolimba, dothi la pamanda lisanaume. Koma a Naphiri anali atamasula kale pa mpango ndalama ya basi n'kuiika pa bondo lake.

"Bambo ako ankaikwera nayo njinga wailesi imeneyi mvula ikugwa, iwo akunyowa, jasi lawo atafunditsa pamwamba pa bulangete. Usandiuze kuti sukukumbuka."

Ankakumbuka, ndipo chinkamupweteka n'chomwecho.

Lachisanu m'mamawa anakwera basi. Lilongwe ya chaka chimenecho inali fumbi lokhalokha. Likulu linali likusamuka kuchoka ku Zomba, ndipo pa mlatho panali mdipiti wa malole, ena a simenti, ena a makabati a boma omangidwa ndi zingwe, timapepala tikuuluka m'mbuyo. Kudepoti anthu ankafunsana njira za kumalo opanda maina, a manambala okhaokha.

Anayamba wapita ku sitolo imene anagulako wailesiyo, ya mmwenye wina kuseri kwa msika. Maganizo ake anali oti akapeze kapepala kosonyeza eni ake enieni, kuti ku Area 10 asakachite kupempha. Mwini sitolo, bambo wa imvi wa magalasi pamphuno, anayamba kuseka Lexon asanamalize n'kufotokoza komwe.

"Aphunzitsi anayi aja? Ndingawaiwale bwanji! Anaima pamene waimapo kuyambira m'mawa mpaka njala inandipweteka. Ndikuti, pa lisiti ndilembe sukulu iti? A mishoni ya Chidatchi akuti yathu, chifukwa tili awiri. Wa Chiroma akuti ikalembedwa ya aDatchi, makolo athu sadzalola ana kuimvera. Wa sukulu ya boma akuti boma ndiye mwini zonse. Ndikuti chabwino, ndilemba onse anayi. Ayambanso kukangana kuti woyamba akhale ndani! Mapeto ake mayi wamfupi uja akuti, lembani Chikaonda, ameneyu sangatibere. Onse akuti eya. Ndinalemba Chikaonda."

"Simungandilembere lina? Loti ndi ya sukulu?"

"Lisiti silibadwa kawiri, achimwene." Anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. "Ali bwanji aphunzitsiwo?"

"Anatisiya mwezi watha. Ndine mwana wawo."

Mwini sitolo anavula magalasi aja n'kuwagwira m'manja. "Pepani kwambiri. Anthu anayi osagwirizana pa chilichonse anagwirizana pa dzina la bambo anu. Si chinthu chaching'ono chimenecho."

Lexon anathokoza n'kutuluka. Mumtima ankati ndi mmene dziko limalipirira munthu wokhulupirika: limamukoleka dzina pa katundu wa anthu, ndipo akafa, dzina lomwelo ndi limene limalanda ana chinthu chawo.

Ku Area 10 anapita wapansi. Unali mtunda. Msewu watsopano wa phula unkadutsa m'tchire, uku ndi uku zitsa, ndipo apo ndi apo mitengo ya mango itaima mozungulira bwalo lopanda nyumba, pamene panali mudzi anthu ake asanasamutsidwe. Pa chitunda maofesi aatali oyera anali akumera, amuna akuyenda pa mitanda ngati nyerere. Lexon ankadziwa dzina la chitsulo chilichonse chimene ankakweza, ndi chifukwa chake ankathirira madzi simenti youma kale. Anayang'ana kumbali n'kupitirira.

Nyumba za ku Area 10 zinali zazikulu, zofanana ngati mazira, mipanda yake ya waya ndi timitengo tongodzala kumene. Anafunsa makomo anayi osaphula kanthu. Pa lachisanu mlonda wina anakanda m'mutu.

"Bonface wa kwa bwana wa ku Rumphi uja wangobwera kumene kuchokera ku Zomba? Wa wailesi? Tsikani ndi msewu womwewu. Nthawi ino simungasokere, mungotsatira mawu."

Inali itangodutsa thuu koloko. Lexon anazungulira kuseri kwa nyumbayo, ku boyizikota, ndipo asanaone munthu anamva mawu aja. Anali mayi yemwe uja wa pa wailesi, wolankhula pang'onopang'ono ngati woyenda pa matope, amene ankamumva kudzera pa zenera la kalasi ya bambo ake. Anaima pa ngodya.

Pakhonde la boyizikota panali amuna atatu atakhala pa njerwa, makope ali pa mawondo. Bonface, wamtali, mu ovolosi yake ya khaki. Bambo wina wachikulire wa epuloni yoyera. Ndi mlonda wa nyumba yoyandikana, chibonga atachiponda ndi phazi. Mpando wokhawo umene unalipo anakhazikapo wailesi. Mayi uja akafunsa funso n'kukhala chete kudikira, amuna atatuwo ankayankha mokweza, aliyense lake, kenako n'kuyang'anana moopsezana kuti aone walakwa ndani.

Lexon anadikira mpaka kanyimbo kotsekera. Bambo ake sankalola munthu kulowa phunziro lili m'kati.

"Odi kuno."

Bonface anadzuka kope likugwa. "Ee! Taonani wabwera! A Edwell, bisani nyama ya bwana, walowa fisi wa ku koleji. Uyu ndi Lexon, msuweni wanga, mlamu wanga woumira uja akukana kundipatsa mlongo wake."

"Mlongo wanga sangakwatiwe kumudzi kopanda dzina," anatero Lexon, ndipo anadabwa kumva kuti mawu otere akadali m'kamwa mwake. "Ndakufunani dzuwa lonseli ngati mbuzi yosokera."

"Mbuzi yake yonenepa, taona. Khala apa. Wadya?"

A Edwell, bambo wa epuloni uja, anali khukhi wa panyumbapo. Anabweretsa tiyi m'kapu yachitini ndi chidutswa cha buledi, n'kupepesa maliro mwaulemu. Mlonda nayenso anapepesa, natola chibonga chake n'kubwerera ku geti.

"Tinangoitsegula tsiku lina masana kuti timve nyimbo," anatero Bonface akusisita pamwamba pa wailesi, "n'kupezamo sukulu. Ndiye bwana akangobwerera ku ofesi, dona akakapumula, kwa ife belu lalira. Mabatire timasonkherana atatu. A Edwell ndiye monitala, amalemba maina a olongolola."

Lexon anamwa tiyi uja kuti apeze poyambira. "Ndabwera kudzakulandani, msuweni, monga mwa mwambo. Ndayang'ana nkhuku palibe, mbuzi palibe. Ndinyamula iyi."

Bonface anaseka, koma kuseka kunathera panjira ataona nkhope ya mnzake. Pamenepo Lexon anafotokoza zonse: za mtedza, za sabata zoyendera, za ahedi anayi pa sitolo, za ana a makalata ndi mayeso awo. Bonface anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako analowa m'kachipinda kake, anatsegula sutikesi ya malemu, natuluka ndi kapepala kopindapinda.

"Werenga, iwe wodziwa kuwerenga. Apa palembedwa chiyani?"

"Chikaonda."

"Chikaonda ndi amalume anga. Sindinabe. Anandipatsa akuluakulu, anthu akuona, iwe uli pomwepo."

"Sindinati munaba."

"Tamvera, Lexon. Mwambo umati mwana wa mlongo amuphunzitse ndi malume wake. Ine ndinayamba sukulu mochedwa chifukwa cha ng'ombe, koma mutu unalipo, kafunse. Chaka chimene iwe unasankhidwa ku sekondale ine ndili Sitandade 6. Amalume anandiitana n'kundiuza kuti thumba lawo silingasenze awiri. Sindinadandaule. Ndinabwera kuno kudzaswa miyala ya msewu wadzerawo. Iwe unatenga sukulu, ine ndatenga wailesi. Tagawana. Kapena ukufuna zonse?"

Lexon anayang'ana m'kapu. "Sukuluyo ndinaisiya."

"Wati chiyani?"

"Sindinabwerereko. Chichitikire maliro."

Bonface anamuyang'ana nthawi yaitali, osaphethira. Atalankhula, analankhula motsitsa. "Ndiye ine anandichotsera chiyani?"

Funso limeneli linamulowa Lexon ngati munga wa m'chidendene, wosaoneka koma woti ukaponda paliponse uumve.

A Edwell anakhosomola. "Pepani ana anga, ndilowerere nkhani ya pabanja. Mwati imodzi mwa sukuluzo ndi Mphangwe?"

"Eya, bambo."

"Kwathu ndi ku Mphangwe. Mwana wanga Alinesi ali ku sukulu ya makalata komweko. Mayi ake anatuma mawu kuti maphunziro anaima, wailesi inapita ndi maliro. Ine ndimati ndi wailesi ina." Anayang'ana pa mpando paja, nayang'ana kope limene linali m'manja mwawo. "Mtedza wake ndinalima nawo ine ndi manja awa. Ndiye kuti milungu itatu yonseyi ndakhala pano ndikudya m'mbale ya mwana wanga, n'kumanyambita zala."

Anatseka kope lija n'kulowa kukhitchini. Sanamuuze Bonface chochita.

Bonface anatenga kheni n'kupita ku mpopi. "Nthawi ya maluwa," anatero, osayang'ana munthu. Panali kheni ina, ndipo Lexon anaitenga n'kumutsatira. Anathirira timitengo ta mpanda, mmodzi uku wina uko, madzi akulowa m'dothi lofiira ngati sanathiridwe. Anathirira maluwa a dona, amene anabwera kuchokera ku Zomba m'zitini za utoto ndipo anali akukana dzuwa la ku Lilongwe. Anabwerera ku mpopi katatu. Pa ulendo wachinayi Bonface anatseka mpopi kheni isanadzaze.

"Amene anaikweza pa ngolo ndi mayi anga. Ikabwerera ndi mawu oti inatengedwa molakwika, mayi anga adzatchedwa wakuba wa pa maliro a mchimwene wawo mpaka kumanda. Ku chigayo, ku chitsime, ku tchalitchi. Anthu umawadziwa."

Lexon anafuna kunena kuti silikhala bodza lonse. Anameza.

"Ndiye imva. Wailesi iyi ndi yanga. Ine Bonface, wa Sitandade 6, wa m'gadeni, ndaipereka kwa sukulu zinayi mwa kufuna kwanga, pokumbukira amalume. Ukanene choncho pamaso pa anthu. Osawonjezera, osachotsera. Ukakangonena zoti inali yawo kale, ndidzamva, ndipo ndidzabwera kudzainyamula ndi lisiti langa."

"Aliyense akudziwa kuti inali yawo kale."

"Adziwe m'mimba. Pakamwa anene zanga."

Mkwiyo unamugwira Lexon. Ndiye kuti anthu adzaombera m'manja munthu wobweza chimene sichinali chake, pamene amene ananyowa nacho mvula ali pansi pa dothi, dzina lawo likungotchulidwa pomalizira ngati mchere. Ndipo wonena bodzalo akhale iye, mwana wawo. Anatsegula pakamwa kuti akane.

Koma maso ake anagwera pa manja amene anagwira kheni aja, ong'alukang'aluka, a zikhadabo zothyoka, chala chimodzi chili ndi kachithupsa katsopano pogwirira pensulo. Anaganiza za Lolemba likubweralo, thuu koloko ikadzakwana, khonde lija lili zii, amuna atatu atakhala pa njerwa. Munthu uyu anachotsedwa sukulu ndi bambo, ndipo lero akuchotsedwanso ndi mwana. Pa zonsezi akungopempha kuti mayi ake asanyozedwe, ndi kuti kamodzi kokha dzina lake limveke pa bwalo la sukulu.

"Ndikanena choncho," anatero Lexon. "Zikomo, msuweni. Zikomo kwambiri."

"Zikomo wako ndi wouma. Unditumizire mlongo wako."

Wailesiyo anaikulunga yekha Bonface m'bulangete lija, mosamala, ngodya ndi ngodya. Lexon atati atulutse mabatire, anamumenya padzanja. "Asiye. Ukawauze ahedi akowo kuti kunali sukulu yachisanu, yasonkha mbali yake n'kutseka."

Ali pafupi kunyamuka, a Edwell anatuluka kukhitchini akupukuta manja pa epuloni, kope lija lili m'khwapa.

"Milungu itatu yonse ili umu. Zimene mayi uja ananena ndinalemba. Zina ndinalakwitsa, nthawi zina amathamanga. Mukampatse Alinesi, agawane ndi anzake. Mukamuuzenso kuti akalephera asadzanamizire maliro."

Bonface anamuperekeza mpaka pa msewu waukulu, wailesi ataisenza yekha paphewa. Poipereka anayang'ana kwina, ku malole amene ankadutsa.

A Naphiri atamva pangano lija Loweruka, sanafunse funso ngakhale limodzi. Anangoti, "Mwana uja ali ndi nzeru kuposa ahedi anayi," n'kukwera njinga kukaitana anthu.

Lolemba m'mawa pa Kalozera panadzaza. Kunabwera ahedi a ku Mphangwe ndi a ku Chitukuta, mphunzitsi wogwirizira pa Katsinde, makolo, ndi ana ataima m'mizere. Kutsogolo, pa benchi, anakhazikapo azakhali ake a Lexon, atavala chitenje chatsopano. Wailesi inali pa tebulo, waya wake atamukoleka pa nsungwi.

Lexon anaimirira. Ananena mawu aja monga anawalandirira, osawonjezera, osachotsera: kuti Bonface, mwana wa mlongo wawo wa malemu a Chikaonda, amene akugwira ntchito ku likulu latsopano, wapereka wailesi yake kwa sukulu zinayi mwa kufuna kwake, pokumbukira amalume ake. Ngakhale mawu oti "yake" anawanena.

Panali ana pamenepo amene zala zawo zinatupa ndi kukunkha mtedza. Panali makolo amene anasenza matumba. Aliyense ankalidziwa bulangete lotuwa lija ngati lake lomwe. Palibe amene anatsokomola. Anaomba m'manja, amayi anaimba nthungululu, ndipo a Naphiri anathokoza kwa nthawi yaitali, nkhope ili gwa, kuti mphatso yotere sanaionepo chiyambire uphunzitsi wawo. Lexon anawayang'ana anthu onsewo akusenza bodza limodzi mosamala ngati mtsuko wodzaza, kuti mayi mmodzi asachite manyazi ndi kuti ana amve phunziro, ndipo mkwiyo umene anabwera nawo unasowa pogwira. Azakhali ake ankalira, misozi yeniyeni. Kwa nthawi yoyamba chichitikire maliro Lexon anawayang'ana bwinobwino, ndipo anaona kuti chipumi chawo ndi cha bambo ake.

Sanapite kunyumba. Anakhala mpaka masana, pamene anafika a makalata, khumi ndi asanu ndi awiri, ena atayenda kuchokera ku Mphangwe chifukwa sakanatha kudikira sabata yawo. Phunziro litatha, anafunsa kuti Alinesi ndi uti. Anadzuka mtsikana wochepa thupi, wa maso akuthwa, ndipo Lexon anamupatsa kope lija.

Alinesi anatsegula tsamba loyamba. Zilembo zake zinali zikuluzikulu, zosindikiza mpaka kuonekera kuseri, m'mphepete muli madontho a mafuta ophikira.

"Alemba izi ndi bambo anga?"

"Tsiku lililonse, thuu koloko."

"Sanandiuzepo kuti amatha kulemba Chingelezi."

Anzake anamuunjirira, mitu ikugundana. Anawerenga tsamba ndi tsamba, akuseka pamene a Edwell analemba mawu monga anawamvera, ena akukopera kale m'makope awo. Pa Lachitatu la sabata yachiwiri panali samu yogawa tizigawo. Inayamba bwino, mzere woyamba, wachiwiri, kenako inangoima. M'munsi mwake munalembedwa kuti: "Apa ndinapita kukaphula nyemba za bwana."

Kuseka kutatha, mnyamata wina anati, "Nanga ikutha bwanji?" Anayesa awiri, aliyense anapeza yankho lake. A Naphiri anali atapita kukatsekera wailesi mu ofesi. Mmodzimmodzi anayamba kutembenukira kwa Lexon.

Iye anayang'ana samu ija. Inali yosavuta, ya mizere itatu yotsala.

"Tasunthani," anatero, nakhala pansi pakati pawo. "Ndani ali ndi pensulo yakuthwa?"